Azakhali akubwera kuchokera ku Dedza, tikawayendetse kuti muno mu Harare?

Nachisale_Mufakose

Moni nonse abale anga. Ndili ndi kafunso, amene mumayendayenda mundithandize.

Azakhali athu, alongo awo a malemu bambo, akubwera kuchokera ku Dedza mu August muno pa nkhani ya chiliza cha bambo ndipo akhala masabata awiri. Nkoyamba kuponda dziko lino, ali ndi zaka 71, bambo anachoka kumudzi iwo ali kamtsikana ndipo moyo wawo wonse anaonanako kawiri kokha basi. Nde ine ndikuganiza kuti zachiliza zikatha sibwino azingokhala pakhonde kuyang'anizana ndi mpanda wa durawall mpaka tsiku lokwera basi, tiwatengereko kwinakwake akapitidwe mphepo. Ana akhalanso ali pa holide, tonse tikhala ngati anthu 9, ana 5.

Vuto ndi thumba, mukudziwa kale mmene chiliza chimadyera ndalama. Sindikufuna zopita nawo m'mashopu a mutauni kukaona zinthu zoti sitigula ayi. Ndikufuna malo a mitengo ndi udzu poti titha kuyala mkeka, tidye mpunga wathu wophika kunyumba, ana athamange mpaka atope. Maondo a azakhali ndi ovutirapo, amayenda koma pang'onopang'ono. Galimoto tilibe koma alamu anga ati atha kutibwereka yawo bola mafuta tithire tokha.

Manyazi kunena, ndabadwira muno ndakulira muno koma kupatula Harare Gardens yomwe ndimangodutsa ndikamathamangira kombi, ndi ku damu la Chivero komwe tinapita ndi sukulu ndili Grade 6, palibe chomwe ndikudziwa. Mukanditchulira malo mundiuzekonso kambiri kake chifukwa azakhaliwa anali aphunzitsi a pulayimale, sangaone mwala osafunsa kuti anauika ndani.

Mbewe wa ku Tafara

Achemwali, ngati ndi a ku Dedza ndiye musavutike kuganiza, apititseni ku Domboshava. Ndi makilomita ngati 30 kuchoka mutauni, mumatenga msewu wa Borrowdale nkungolunjika, ngakhale makombi amafika. Ndi chimwala chachikulu chofiirira, ukakwera pamwamba umaona midzi ndi madimba a tomato mpaka kutali, ndipo kuphanga kwake kuli zojambula za anthu akalekale osaka nyama aja, ofanana ndi omwe kwathu timati Akafula.

Chomwe ndikunenera ndi ichi. Ku Dedza kuli Chongoni, komwenso kuli zojambula pamiyala, malo 127, ndipo a UNESCO anakuika pa mndandanda wawo mu 2006. Mphunzitsi wa ku Dedza sangalephere kuidziwa Chongoni, mwinanso anapitako ndi ana asukulu ku Chentcherere kapena ku Mphunzi. Akakaona za kuno ayamba kufananiza okha, kuti zakwathu zambiri ndi mizere ndi timadontho tofiira, kuphatikiza zoyera zija za chinamwali ndi zinyau, pomwe za kuno ndi nyama ndi anthu ooneka bwinobwino miyendo ndi manja. Simusowa chowauza, azikuphunzitsani ndi iwowo.

Kambiri kake kena nkakuti mu 1998 munthu wina anakapaka penti pazojambulazo usiku, anachita kuitanitsa akatswiri kudzachotsa. Kumbuyo kwake kunali madandaulo a eni dera oti malo omwe makolo awo ankapempherako mvula asanduka a alendo olipira pageti. Nkhani ngati imeneyo azakhali aimva msanga, kwathunso za malo a mizimu sitiseweretsa.

Koma ndisakunamizeni, pali kukwera. Sikotsetsereka kwambiri, anajambula timivi pamwalapo toti muzitsata, koma mu August kumawomba chimphepo chozizira pamwamba paja. Ngati maondo akana ndiye Mukuvisi Woodlands, pafupi pomwepa cha ku Hillside, kulowera ku Glenara. Mahekitala 263 a nkhalango mkati mwa mzinda, pali pokwera pamatabwa pomwe mumaonera akadyansonga, mbidzi, nswala ndi ntchefu muli chikhalire. Mitengo yake ndi ya msasa, yangati ya ku Dzalanyama, ndipo kumapeto kwa August imayamba kuphuka masamba ofiira aja. Pageti amalipiritsa, imbani kaye mumve mtengo wa ana ndi wa akulu musanadzaze galimoto.

Jnr_Kamanga

Kkkkk asisi chilichonse koma Chivero ayi. Munthu wochokera dziko la nyanja yeniyeni mukamuonetse Chivero? Akangotsika pa Golomoti paja amaona madzi mpaka maso kutopa, nde inu muziti azakhali onani nyanja yathu, adzakufunsani kuti ili kuti, kuseri kwa chithaphwichi?

Ndipo Gardens muiwale. Ine foni yanga inapita pomwe paja chaka chatha cha m'ma 6 madzulo, anyamata awiri anangondiima kutsogolo wina kumbuyo, ndinafika kunyumba wapansi poti ndi dola ya kombi yomwe anatenga. Mabenchi othyoka, zimbudzi osanena. Pitani ku Cleveland Dam ku Msasa mukaotche nyama, ana akaone mbidzi ku Haka Game Park mbali yomweyo, basi nkhani yatha.

Madala Gama (Highfield)

Ana inu ndakhala ndikuwerenga ndili chete koma mawu a Gardens aja andikhudza. Akundilembera ndi mdzukulu wanga, zala zanga ndi foni sizimvana.

A Kamanga pepani ndi foni yanu, simukunama, madzulo si malo oyendapo wekha. Koma musati aiwale. Bambo anga anachoka ku Ntcheu mu 1955 nthawi ya Chitaganya, kudzera ku Tete, pena wapansi pena pa malole a Ulere aja ankatuta anthu obwera kudzagwira ntchito kuno. Anayamba kwa mzungu wina ku Avondale kusamalira maluwa, kenako analowa gulu lokonza mapaki a mumzinda ndipo anakalambira momwemo. Anthu akwathu ambiri ntchito zawo zinali zimenezo, kuphika, kulima maluwa, mafamu a fodya, migodi. Ndiye mukamaona mitengo ikuluikulu ija mu Gardens, ina mwa iyo anaithirira ndi kheni ndi anthu olankhula chinenero chomwe tikulemberana panochi.

Ndili ndi chithunzi chimodzi chokha cha bambo ali mnyamata. Anajambulitsa Lamulungu, avala suti yobwereka kwa mnzawo wa ku Mulanje, manja a jekete afupika wotchi ili pamtunda, nayonso yobwereka. Aima pambali pa bedi la maluwa lomwe anabzala okha, dzanja limodzi agwira benchi. Ndili mwana ndinawafunsa kuti bwanji simunakhale pabenchipo, anaseka nati benchi imeneyo ndinkaipaka penti chaka chilichonse koma kukhalapo kunali kufuna kuchotsedwa ntchito. Chithunzicho anatumiza kumudzi kuti amayi awo aone kuti mwana wawo ali bwino ku Halale, chinabwerera kwa ine patapita zaka zambiri agogo atamwalira, chili ndi fungo la utsi wa m'nyumba ya maudzu mpaka lero.

Ufulu utabwera mu 1980 bambo anali atakalamba kale, koma Loweruka lililonse ankakwera basi kuchoka ku Highfield kukangokhala pabenchi mu Gardens, osachita chilichonse, kuonerera akwati akujambulitsa. Amayi ankati mukuononga ndalama ya basi. Iwo ankati ndikukatenga malipiro anga otsala.

Za mbiri poti azakhali ndi ofunsa. Mukachoka mu Gardens muwayendetse pang'ono mpaka pa Africa Unity Square pomwe amagulitsa maluwa paja. Azungu a Pioneer Column anafika pa 12 September 1890, mmawa mwake anakweza mbendera yawo pamalo amenewo, nkuwatcha Cecil Square. Tinjira ta pamenepo anatiyala motsanzira mbendera ya Britain, mdzukulu wandionetsa pa mapu a pafoni zikuonekadi, mtanda ndi mizere yopingasa. Dzina la tsopanoli linabwera pambuyo pa mgwirizano wa zipani wa Unity Accord wa 1987. Mzinda womwewu unali Salisbury mpaka 1982, dzina loti Harare linali la ku Mbare, nchifukwa chake akwathu ankati wapita ku Halale ngakhale mapepala akunena zina. Majakaranda aja si a kuno, anachokera ku South America, azakhali awapeza asanachite maluwa poti amayamba kumapeto kwa September. National Gallery ili m'mphepete mwa Gardens momwemo, inatsegulidwa mu 1957, muli ziboliboli zamiyala, mphunzitsi angakonde.

Pitani mmawa, Loweruka, muli gulu, palibe akuvuteni. Paki ikasowa mabanja imatengedwa ndi akuba, nthawi ya chikondwerero cha zaluso cha HIFA anthu ankadzaza momwemo mpaka usiku ndi ana omwe.

Koma mwana wanga Nachisale ndikufunseni. Mayi ameneyu wayenda ulendo wonsewu, maboda awiri, Dedza ndi Nyamapanda, pa msinkhu umenewo. Sakubwerera mbidzi. Bambo anu Lamulungu akaweruka kutchalitchi kapena akapuma kuntchito ankapita kuti? Yambani mwayankha limenelo.

Mai a Tadala

A Gama mwandiliza ndi nkhani ya benchi, agogo anga nawonso anali a m'gadeni ku Highlands.

Ine ndabwera kudzaikira kumbuyo Chivero poti a Kamanga ainyoza kkk. Zoona si nyanja ya Malawi, ndi damu, anatseka mtsinje wa Manyame mu 1952, nthawi imeneyo mtsinjewo ankautcha Hunyani ndipo damulo linali Lake McIlwaine. Koma madzi omwe mumatunga pampopi ku Mufakose tsiku lomwe atuluka amachokera kumeneko, kudzera koyeretsera madzi ku Morton Jaffray. Damu loyamba la mzinda uno ndi Cleveland lomwe mukuti mukaotchereko nyamalo, la 1913, mzinda utakula linachepa. Ndimaphunzitsa Geography nde mundikhululukire ndikatalikitsa.

Chomwe chimandipweteka nchakuti Harare anamangidwa kumtunda kwa madzi ake omwe. Mtsinje wa Mukuvisi umayambira ku Cleveland, nkudutsa m'mafakitale ndi m'malokeshoni, wa Marimba nawonso umadutsa m'malo otere, zonse zomwe tataya ndi masuweji ophulika aja zimatsetserekera ku Chivero kenako nkutibwerera pampopi. Kale madambo ndi omwe ankasefa, dambo limamwa madzi a mvula ngati siponji nkumawatulutsa pang'onopang'ono ali oyera, pano madambo tikumangamo nyumba ndi mashopu. Nchifukwa chake anthu a ku Monavale amalimbana nalo dambo lawo lija, ukaliona ungati ndi thengo chabe la udzu koma mu 2013 linalowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, limodzi ndi Cleveland ndi Chivero yemweyo. Namasupuni amene wadzaza m'mbali mwa damu azakhali amudziwa, ndi yemwe uja amavutitsa mu Shire, amakondwa ndi madzi a zonyansa. Mu December 2024 zipembere 4 zinafa zitamwa madzi a m'damumo, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu ndi nkhwazi, chifukwa cha ndere zapoizoni zobiriwira zija, mpaka a ZimParks oyang'anira nyama zakuthengo analetsa kuwedza.

Nde mukuti nanga tipitirenji? Pitani mbali ya kumwera komwe kuli game park. Mumayenda muli m'galimoto yanu, maondo a azakhali apuma, mbidzi, akadyansonga, nyumbu, nthiwatiwa mumaziona pafupi, mwayi ukakhalapo ndi chipembere chomwe. Ndipo a Mbewe, zojambula zapamiyala ziliponso kumeneko, pa Bushman's Point m'mphepete mwa madzi, osachita kukwera phiri ngati ku Domboshava. Malo a pikiniki alipo, mkeka wanu muyala bwinobwino. Mbali ya kumpoto kuli Kuimba Shiri kosungira mbalame, ana amakukonda koma ndi geti inanso yolipira.

Ana asalowe m'madzi ngakhale kungoviika mapazi, muli ng'ona ndi likodzo. Madzi akumwa nyamulani kunyumba. Nsomba za m'mbali mwa msewu zisiyeni kaye. Ndipo wina akabwera nkumati bwato dola dola ana akazungulire, muwerenge anthu omwe alimo kale ndipo muone ngati muli majekete oyandamitsa, pa Khirisimasi ya 2011 ana 11 anamira pomwepo bwato litadzaza mopyola. Ine anga sakwera, amalira koma amatonthola.

Achisale_Dziva

Palibe watchula Botanic Garden ku Alexandra Park? Ndi pafupi, mpoyalika, mthunzi ponseponse, mitengo yambiri anaiika timapepala ta mayina nde aphunzitsi azingowerenga okha inu mukupuma. Anaikhazikitsa mu 1962. Ife a kwaya timakachitira konko mapemphero a chaka chatsopano. Ewanrigg ku msewu wa Shamva nkokongola koposa koma maluwa a aloe aja amafiira June ndi July, August mukhala mutachedwa, mafutanso ndi ambiri.

Nachisale_Mufakose

Abale zikomo kwambiri nonse, sindimayembekeza kuti mundiyankha chonchi, zina ndakopera mukabuku kuti azakhali akafunsa ndisachite chibwibwi.

A Gama funso lanu landigoneka mochedwa. Ndinapita kukafunsa amayi dzulo ndipo anangoseka nkuti iwe waiwala? Bambo Lamulungu lililonse lomwe sanali pa shifiti ankapalasa njinga kupita ku Chivero kukawedza, ankanyamuka kusanache ndi mbedza zawo ndi kachitini ka nyongolotsi zomwe ankakumba kuseri kwa bafa, kubwera madzulo nthawi zina ndi nsomba zitatu zokha nthawi zina chimanjamanja. Amayi akuti ankawanena kuti nsomba zitatu tsiku lonse si bola kugula pamsika, iwo nkumati sindipitira nsomba, ndimakaona madzi. Akuti kumudzi ali mnyamata ankatsika ndi amalume awo ku Mtakataka kukagula usipa, nde Chivero ndi yomwe inkawakumbutsa. Ine zonsezi ndinali nditaiwala, chomwe ndimakumbuka ndi fungo la matemba m'jekete lawo basi. Mbedza zija zilipo mpaka pano, amayi anazisunga m'chitini cha Cobra pamwamba pa wadiropu, anatsitsa kundionetsa zachita dzimbiri.

Nde a Kamanga mundikhululukire, tikupita kuchithaphwi komweko kkkk. Azakhali akaseka aseke. Tidzera mbali ya game park monga anenera Mai a Tadala, ana akaone nyama, azakhali akaone zojambula pa Bushman's Point, kenako amayi akatilozere cha komwe bambo ankakhala ngati angakumbuke. Alamu avomera galimoto Loweruka lachiwiri la holide. Ku Gardens tipita tsiku lina pakombi poti nkosalipira, Domboshava tiona mmene maondo akhalire akafika.

Funso lina, kuchoka ku Mufakose tidzere msewu wa Bulawayo basi kapena pali yachidule? Ndipo mbaula yamakala amalola kulowa nayo?

Jnr_Kamanga

Aaa asisi mwandigonjetsa, nkhani ya madala ndi njinga yandithera mawu. Tulukirani msewu wa Bulawayo ngati mukupita ku Norton, zikwangwani zilipo, cholowera ku game park chili patsogolo mukawoloka mlatho wa Manyame, musakhotere choyamba chija mukathera kumabala a mbali ya kumpoto komwe Loweruka kumakhala chiphokoso cha ma speaker, azakhali angadabwe. Njira zachidule zilipo koma ndi maenje okhaokha, galimoto yobwereka musaiyese. Zamakala funsani pageti, August udzu ndi wouma amaopa moto, ine ndikanakhala inu ndikanangophikiratu kunyumba. Cooler box ndili nayo yaikulu, ndikubwerekani ngati mulibe, bola ibwere ndi kachidutswa ka nkhuku mkati.

Mai a Tadala

Nyamukani mmawa, nyama zimaoneka bwino dzuwa lisanakwere, ikamakwana 11 zonse zili pamthunzi. Majuzi a ana musaiwale, mphepo ya pamadzi mu August si yamasewera. Ndipo anyani pa malo a pikiniki ndi akuba kuposa anyamata a a Kamanga aja, poto wa mpunga musamusiye pamkeka osavundikira.

Madala Gama (Highfield)

Mwachita bwino mwana wanga. Mbedzazo mupite nazo, muwapatse azakhali azigwire ali pamadzipo, akafuna kupita nazo ku Dedza musawakanize.

Tsiku la ku Gardens mundiuze kudzera kwa mdzukuluyu, ndibwera ndi chithunzi chija ndidzawaonetse. Bedi la maluwa lija kulibenso, pamera kapinga, koma malo ake ndikuwadziwa. Mundipeza pabenchi cha kumbali ya Gallery kuyambira 9 koloko, ndivala chipewa chakuda. Muwafunsiretu kuti kwawo ndi kwa mfumu iti, amayi anga anali a kwa Kachindamoto.